Ulemu Upite kwa WiFi Yaulere ya M'basi

Pa onse amene amatumikira anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi paulendo wa ku Lusaka, palibe wonyozedwa popanda mlandu kuposa WiFi yaulere ya m'basi. Dalaivala amathokozedwa akafikitsa anthu bwino, kondakitala amanyengereredwa chifukwa ndiye wasunga chenji, ngakhale mlaliki wokwerera pa siteshoni amatsika ndi "ameni" wake ndi kandalama m'thumba. Koma WiFi, imene dzina lake limalembedwa m'nthiti mwa basi ndi zilembo zonenepa, imangolandira tsonyo. Ine ndikuti mlandu wake uzengedwenso, pakuti oweruza ake sanamvetse ntchito imene inalembedwera. Anthu amaganiza kuti inabwera kudzawalumikiza ku intaneti. Ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza wapaulendo kwa abale ake, ndipo pa ntchito imeneyi sinajombepo.

Tiyambe ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, pamakhala kabokosi kokhala ndi simu ngati ya m'foni yanu. Kabokosiko kamatunga intaneti ku nsanja zomwezo za MTN, Airtel kapena Zamtel zimene tonse timadalira, n'kugawira anthu odzaza basi. Timizere timene mumaona pa foni timangochitira umboni kuti foni ndi kabokosi zikumvana. Za pakati pa kabokosi ndi nsanja sitizidziwa. N'chifukwa chake basi ikapitirira Nyimba n'kuyamba kukhotakhota m'mapiri a ku Kacholola, kutsetserekera ku mlatho wa Luangwa, foni imaonetsa timizere todzaza tho, pamene uthenga wa pa WhatsApp wakhala duu ndi kawotchi kake pambali. Ulemerero wake wagona pamenepa. WiFi imeneyi ndi nkhokwe yolukidwa bwino, yofoleredwa udzu watsopano, yoti odutsa aziti pakhomo pano njala kulibe, m'kati mulibe ndi chisononkho chomwe. Kusowa kanthu aliyense amatha, koma kusowa kanthu uku ukuoneka wokhuta kumafuna luso.

Tsono lingalirani za munthu amene wakwera basi pa Katete m'mamawa, kutsogolo kwake kuli makilomita pafupifupi 500. Kumudzi, aliyense wopita ku Lusaka ndi wolemera, ngakhale akupita kukapepesa maliro ndi ndalama yobwereka. Kale zopempha zinkathera pa siteshoni. Lero zimam'tsatira m'thumba: mlongo akufuna chitenje cha ku Kamwala, mphwake akufuna sipeya ya njinga yamoto, amalume akukumbutsa za feteleza, apongozi nawo angofunsa ngati wayenda bwino, funso lokwera mtengo kuposa onsewo. Ndani angam'landitse? Kuzimitsa foni ndi mwano, kuwerenga uthenga osayankha ndi mlandu wofuna ankhoswe. WiFi ya m'basi yokha ndiyo imam'patsa yankho loyera, lakuti "netiweki inavuta", mawu amene ngakhale mkulu wa mpingo angawanene chikumbumtima chili phee, chifukwa si bodza.

Ndipo taonani kusamala kwake posunga chinsinsi. Mukafunsa kondakitala kuti, "Akulu, tithandizeniko pasiwedi," amakuuzani kuti ili ndi adalaivala. Adalaivala maso ali pamsewu, ndipo amene amaidziwa bwino lero sanabwere ku ntchito. Ikapezeka, imadutsa mpando ndi mpando pakamwa, pofika kumbuyo yasanduka ina. Mukafika pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka n'kukapeza malo ogona, mchemwali wake wa WiFi yomweyi amakulandirani ndi khalidwe lomwelo. Pasiwedi ili pa kapepala kothimbirira, palibe wodziwa ngati chozungulira chapakatipo ndi ziro kapena chilembo, ndipo ikalola, imagwira pakhonde pokha. Kuchipinda, kumene munthu afunika kupuma, siilowa. Ulemu wotere ana a masiku ano alibe.

Otsutsa amati WiFi imeneyi si yaulere, mtengo wake unabisidwa m'tikiti. Ndikuvomera, koma ndiuzeni kwina kumene munthu angagule mtendere wa theka la tsiku pa mtengo wotere. Ena amati wanzeru amagula bandulo yake. Bandulo ndi kazitape: ikagwira, imaulula kwa apongozi kuti uthenga wawo mwauwerenga, ndipo ikapanda kugwira, nthawi yake imatha inu muli m'mapiri, ndalama yapita. Enanso amati WiFi ikanagwira bwino pakanapanda umbombo wa okwera, ndipo awa akunena zoona, kungoti akuiyeretsa mlandu osadziwa. Mnyamata wa mpando wakumbuyo amayamba kukopera mafilimu basi isanatuluke m'siteshoni. Mayi wapawindo amaimba foni ya vidiyo kuchokera pa Katete mpaka pa Sinda, kuonetsa achibale denga la basi ndi mphuno yake. Bambo wa jekete, amene amadandaula mokweza kuposa onse, ali ndi mafoni awiri ndipo onse walumikiza. Pofika pa Petauke intaneti yonse yatha psiti. Kuyambira pamenepo anthu amadzutsa mitu, kupatsana moni, kugawana nthochi za pa Nyimba ndi kutsutsana za mtengo wa nsomba zouma za pa Luangwa.

Ife a kuno sitiyenera n'kudabwa komwe, chifukwa sukulu imeneyi tinailowa kale. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012. Maofesi anafika, koma m'midzi ina netiweki ikadali m'njira. Mudzi wotere umakhala ndi chulu chake kapena mtengo wake umene aliyense amaudziwa, ndipo kumalire foni imatha kukulandirani ku Malawi muli m'dimba mwanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale. Koma pali ena amene kudekha sikuwathandiza. Mayi amene akudwazika mwana ku chipatala cha St Francis, akudikira ndalama ya pa foni kuti agule chakudya, akauzidwa pa kabutu kuti "netiweki palibe" amagona ndi njala yeniyeni. Mlimi amene wayenda mtunda pa njinga kukatenga zipangizo zaulimi, makina n'kukana chifukwa cha netiweki, wataya tsiku la kumunda. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ochuluka, mafoni n'kumangofa m'manja. Akuluakulu ena amabwera ndi matenti ndi mipando kudzalonjeza intaneti kwa onse, ndipo zithunzi za msonkhanowo amakaziika pa Facebook atabwerera ku Lusaka, poti pamene anaima polankhula panalibe netiweki.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mtetezi wathuyu masiku ake akuchepa. Starlink inafika m'Zambia mu 2023, ndipo intaneti yochokera kumwamba siopa mapiri a ku Kacholola. Tsiku limene eni mabasi adzaimangirire padenga, apongozi adzatipeza ngakhale pakati pa mlatho. Pempho langa tsono lili pawiri. Inu akuluakulu, tengani intaneti yamphamvuyo mukaiike kuzipatala, kumasukulu ndi kumidzi ya ku Vubwi kumene anthu akukwerabe chulu. Ya m'basi isiyeni momwe ilili. Inunso apaulendo, uthenga wofunika tumizani musanakwere, nambala ya wokuchingamirani ku Lusaka ilembeni pa pepala, ndipo kondakitala musamutsonye, pasiwediyo nayenso saidziwa.