Nkhosa Zikungosintha Makola ku Mulanje

Mvula ikangokata ku Mulanje, fumbi ndi zokuzira mawu zimadzukira limodzi. Mabwalo a mpira kuyambira pa Nkando mpaka ku Limbuli amachita kulimbirana: apa chitsitsimutso cha masiku atatu, apo efoti ya a Seventh Day ya masabata angapo, ndipo anyamata a mpira amangoyang'ana zigoli zawo zitasanduka zomangirapo tenti. Ndiye pa Chitakale sabata ino nkhani ndi yokopa anthu kuti mipingo ikule.

Odziwa bwino za otembenuka mtima si abusa ayi, ndi anyamata a kabaza, poti owanyamula ndi iwowo. Wina akusimba za mayi amene wakhala akumupititsa ku chitsitsimutso chilichonse chaka chino. Kulikonse mayiyo amakweza dzanja, n'kupita kutsogolo misozi ili mbwembwembwe, dzina lake n'kulembedwa m'kope. Koma Lamulungu m'mawa amatulukira ali mbee, bulauzi ndi duku la Mvano, ulendo ku mpingo umene anabatizidwa ali khanda. Mipingo yonse ija inalengeza kale kuti yakolola mzimu watsopano. "Ine ndilibe nawo mlandu mayi amenewo," akutero wa kabazayo, "sakwera pangongole."

Akuluakulu a mpingo a ku Mulanje Mission nkhani zoterezi amazimva akupukusa mitu. Iwo amayambira patali: amishoni a Church of Scotland anakhazikika ku Blantyre mu 1876, kenako anayamba kuyang'ana kuno kuphiri, ndipo mbusa Robert Cleland, mmodzi wa oyamba kuyesa ntchitoyi, anamwalira mu 1890 asanaone zipatso zake. Njira yawo inali sukulu, chipatala ndi kalasi. Munthu ankakhala m'kalasi nthawi yaitali, kuloweza katekisimu, kufunsidwa mafunso pamaso pa akulu a mpingo, ena kulephera n'kubwereza. Lero, akudandaula motero mkulu wina wa jekete la mabatani atatu, munthu aledzere Lachinayi, atembenuke Lachisanu usiku, pofika Lamulungu ali kale ndi maikolofoni. Achinyamata a mipingo ya chipentekoste sachedwetsa yankho: akuti wodwala sayamba walemba mayeso asanamwe mankhwala. Mkuluyo amangoti, "Chabwino, koma nkhosa mukubatizazo zili ndi chizindikiro chathu kukhutu."

Pamenepo m'pamene pagona nkhani, ngakhale aliyense amaizemba. M'boma muno munthu amene sanamvepo za Yesu ngofuna ndi nyali. Akatolika ali ku Chisitu ndi ku Mendulo, miphakati yawo ili mudzi ndi mudzi; a CCAP ali ndi Likhubula House m'tsinde mwa phiri; Malamulo ya a Seventh Day ili pafupi pomwepa ku Thyolo kuyambira 1902. Amene sali mumpingo nthawi zambiri amakhala Msilamu wokhazikika pa chipembedzo chake, kapena Mkhristu wodulidwa amene akudikira kuti mlandu wake uiwalike. Tsono kukula kwa mpingo uno ndi kuchepa kwa mpingo uwo.

A Mboni za Yehova sachita nawo phokosoli. Amayenda awiriawiri, chikwama m'manja, Nsanja ya Olonda ili pamwamba. Amene amawatsekera chitseko ndi achinyamata. Okalamba a ku Muloza amawapatsa mpando, chifukwa akukumbukira kuti boma la Kamuzu linawaletsa mu 1967, ambiri n'kukakhala m'misasa ku Milange kutsidya kwa malire, mpaka chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Munthu amene anavutikapo chotero, akutero agogo ena, ungomumvera ngakhale ndiwo zikupserera pamoto.

Za kuphiri nazo zilipo. Magulu opemphera akukwera kukagona kumeneko, kusala kudya, kufuula mpaka mbandakucha. Onyamula katundu wa alendo ku Likhubula akuseka, akuti phiri ili lili ndi eni ake, ndipo malamulo awo ngosemphana ndi a mlaliki. Makolo ankati ukapeza chakudya chokonzakonza m'phirimo, udye wekha, usaitane mnzako. Mlaliki akapeza chabwino, ntchito yake n'kuitana mudzi wonse. Chichokereni 2025 pamene UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ena akuti mizimu ya ku Sapitwa tsopano ili ndi satifiketi, pomwe matchalitchi ena a udzu kumunsi kuno alibe n'kalata yomwe ya kwa mfumu.

Othyola tiyi m'maesiteti aona chinthu china: Mzimu umakonda kutsika kwambiri kumapeto a sabata ya malipiro. Ine sinditsutsa Mzimu, koma kalendala ya alaliki ena ndi yolongosoka kuposa ya akalaliki a kuofesi.

Amayi ogulitsa zinanazi m'mbali mwa msewu wa ku Muloza ali ndi muyeso wawowawo. Iwo safunsa za chiphunzitso. Amafunsa kuti pamaliro adzabwera ndani kudzagona pasiwa, adzaphika ndani, kwaya idzaimba mpaka kumanda kapena idzathera pamsewu. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba mu Malichi 2023, anaona okha amene anabwera ndi ufa ndi mabulangete, ndi amene anabwera ndi kamera. Mayi wina akuti anasamukira mpingo wina pa chifukwa chimenecho basi, ndipo mpaka lero nyimbo zake sanazigwire bwino.

Ndiye pali bambo wina wa ku Chinakanaka amene mipingo iwiri ikumulimbirana. Wina unamupatsa Buku Lopatulika, wina Buku Loyera, ndipo onsewo akuwasunga bwino m'jumbo. Usiku wina pa chitsitsimutso anatsimikiza mtima, anaimirira kuti apite kutsogolo, jenereta n'kuthima mafuta atatha. Magetsi pobwerera n'kuti iye ali kale pa kachasu, akufotokozera anzake kuti ngati kumwamba kukanamufuna usiku umenewo, kukanagula malita awiri owonjezera.