Mayi Fulu ndi Thumba Losafika

Panangokhala.

Tilitonse.

Panali Kangaude, amene anaona kuti ntchentche zachenjera ndipo ukonde wake sukukolanso kanthu. Atagona ndi njala masiku atatu, anaganiza zoupezera ukondewo ntchito ina. Analuka ukonde waukulu, ulusi wina kukafika ku Nsanje, wina ku Chitipa, nalengeza kuti watsegula msika wa pafoni, wosafuna benchi, wosavumbwa ndi mvula. Wogulitsa azingojambula katundu wake, wogula azingoloza. Ndalama zizifikira kwa Kangaude, azisunge mpaka katundu atafika, kenako apatse mwini wake atachotsapo K5 pa K100 iliyonse. Ankati imeneyo ndi ya ulusi.

Lamulo lalikulu la msikawo linali limodzi: wogula akadandaula, ndalama zake zibwerere. Kangaude anali atawerenga bwino. Ogulitsa ndi ochuluka ngati linthumbu ndipo alibe kwina kopita, koma wogula ukamukhumudwitsa kamodzi sumuonanso.

Msika umenewu unamukomera kwambiri Mayi Fulu wa ku Kawale, mu Lilongwe. Inu mukudziwa mayendedwe a fulu. Kale ankati akanyamuka tambala woyamba, pofika kumsika anzake akumanga kale katundu. Tsopano ankagulitsa ali pakhonde. Ankaoda mpunga wa Kilombero ku Karonga, kwa alimi a ku Wovwe ndi ku Hara, nkuupeta yekha, nkutola timiyala tonse. Sankausakaniza ndi Faya monga amachitira ena amene sitiwatchula pano poti mwina akumvera nthanoyi. Pakamwa pa thumba lililonse ankasokapo ndi ulusi wofiira, kusoka kwake kwa iye yekha, kokhala ngati mizere ya pa chigoba chake.

Tsiku lina kunabwera uthenga wochokera ku Blantyre.

"Mayi, mwaswera bwanji? Ndine Bambo Fisi, wa ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru. Ndine wopemphera. Ndikufuna makilogalamu 25."

Wogula amene amayamba ndi kukuuza kuti ndi wopemphera usanamufunse, umuyang'ane kumapazi. Koma Mayi Fulu anangoona kuti ndalama zalowa kwa Kangaude. Anasoka thumba, nalikweza basi, nalipira Nyani kondakitala. Thumba linadutsa Dedza, Ntcheu, linaoloka Shire pa Zalewa, madzulo linatsika pa Wenela. Nyani analipereka kwa mnyamata wa kabaza amene anatchula dzina la Fisi.

Kutacha, Kangaude anatumiza uthenga: wogula akuti katundu sanafike, ndalama zabwezedwa.

Mayi Fulu anaimba foni. "Bambo Fisi, thumba lija silinafike?"

"Mayi, ndakhala pa Wenela mpaka usiku, udzudzu kundidya. Ana agona ndi njala. Koma ine sindisunga mangawa, Mulungu akukhululukireni."

Tsono mpunga wa Kilombero uli ndi khalidwe limodzi: subisika. Ukakhala pamoto, fungo lake limadumpha mpanda. Usiku umenewo Chilomoni yense anamva kuti kwa Fisi kwaphikidwa mpunga, mpaka Galu wa nyumba yachitatu anaimbira Mayi Fulu kumuuza kuti sanagone ndi kununkhirako. Mayi Fulu anatumiza mawu a Galu kwa Kangaude.

Yankho linabwera msanga, laulemu kwambiri. "Zikomo Mayi potidziwitsa. Timalandira chithunzi kapena kalata. Fungo tumizani ngati mungalijambule."

Mayi Fulu analowetsa mutu m'chigoba tsiku lonse. Mpunga wapita, ya basi yapita, ndipo K5 ya ulusi ija Kangaude sanabweze, poti ulusi unagwira ntchito.

Patapita masabata awiri Fisi anaodanso. Anati wakhululuka, akufuna kuwapatsa mayiwo mwayi wachiwiri. Pamsika wa Kangaude wogulitsa akakana oda, nyenyezi zake zimachepa, ndipo wa nyenyezi zochepa amaikidwa kumapeto kwa ukonde kumene safikako munthu. Mayi Fulu anaitana mwana wa mchimwene wake wongomulera, Kalulu, amene ankakonza mafoni pansi pa mtengo.

"Azakhali, apa pakufunika mboni," anatero Kalulu. "Mboni yoyenda ndi thumba, yoona ndi maso."

Anapita kwa Nankafumbwe, namulonjeza chikho cha chimanga. Nankafumbwe analowa m'thumba, Mayi Fulu nasoka. Mboniyo inaona zonse: Nyani akutsitsa, wa kabaza akunyamula, Fisi akumasula ulusi wofiira ndi mano, malovu ali chuchuchu. Itafuna kutuluka kuti ithawe ndi umboni wake, Fisi anaiona. Sanaiphe. Anaikhazika pamwamba pa mpunga, naijambula bwinobwino kuchokera mbali zitatu.

Ulendo uno dandaulo linali lina: katundu wafika, koma ndi wofumbwa. Chithunzi chilipo.

Nankafumbwe anayenda masiku anayi kubwerera ku Lilongwe, nakaima pamaso pa Kangaude kuti afotokoze. Kangaude anangomufunsa funso limodzi. "Kodi munali m'thumbamo?"

"Eya bwana, ndinalimo, ndiye chifukwa chake ndikuti..."

"Basi, mwavomera. Wogula wanena zoona."

Ndalama zinabwerera kwa Fisi. Lamulo linkati katundu wokanidwa abwezedwe kwa mwini wake, ndipo thumba linabweradi, lolemera makilogalamu 25 ndendende, la mchenga wa mumtsinje wa Likhubula, pamwamba atawazapo mpunga wodzaza manja awiri. Ya basi analipira Mayi Fulu.

Kalulu anachita manyazi, nayamba kunena za malamulo. Anati kuli lamulo la 2016 loona za malonda a pa intaneti ndi umbava wa pa makina, apite kupolisi. Mayi Fulu anawerengetsera ya minibasi, masiku osiya malonda, ndi mayendedwe ake omwe aja, napeza kuti mlandu ukamadzatha udzakhala utadya matumba ena atatu.

"Iwe mwana," anatero, "nzeru zako zimathamanga ngati miyendo yako. Ndisiye ndiganize mwaufulu."

Anaganiza mwezi wathunthu. M'mwezi umenewo anasintha zina ndi zina. Thumba lililonse ankaliyeza pa sikelo foni ikujambula, nkusoka foni ikujambulabe, nkulemba nambala pathumba ndi m'kope. Anauza Nyani kuti asapereke katundu kwa wina aliyense wosatchula mawu achinsinsi amene iye watumizira wogula, ndipo wolandirayo ajambulidwe atanyamula. Zonsezi zinathandiza kwa ogula atsopano. Koma matumba awiri aja ankamuwawabe.

Kenako m'mawa wina anaika chilengezo pamsika. Pothokoza makasitomala ake, ati, apereka mphoto ya thumba la makilogalamu 50. Wopikisana atumize chithunzi chake ali ndi matumba a ulusi wofiira amene anagula, anene mmene mpungawo unakomera. Wa matumba ambiri ndi mawu okoma ndiye wawina.

Fisi anachiwerenga ali chigonere. Anatembenuka, nachiwerenganso. Mkazi wake anamuuza kuti, "Bambo a mwana, zisiyeni izi, mwadya kale kawiri." Koma makilogalamu 50 anamukhala pakhosi. Thumba loyamba lija linalipo, ankaligwiritsa ntchito ngati chotchinga pazenera. Lachiwiri analibweza ndi mchenga, koma mpunga wake unali mu ndowa. Anavala jekete, nakhala pampando, thumba pamiyendo, ndowa pambali, mbale ya mpunga m'manja, namwetulira mano onse panja. Pansi pa chithunzi analemba kuti iye ndi kasitomala wakale, wagula kawiri, ndipo mpunga woyera ngati umenewu, wopanda kamwala ngakhale kachilombo, sanaudyepo chibadwire.

Mayi Fulu anatenga chithunzicho, natenga madandaulo awiri aja, naziika pamodzi, natumiza kwa Kangaude. Anatumizanso kwa ogulitsa anzake onse, kuopa kuti zingasochere mu ulusi.

Pamenepo panabuka phokoso. Nkhuku anati Fisi yemweyo anamudyera mathireyi atatu a mazira ponena kuti anafika osweka. Bakha anati anamutumizira usipa wa ku Mangochi, iye nkunena kuti unafika wonyowa. Gologolo anati anamugulitsa nsapato za kaunjika, nkubwezeredwa zina zong'ambika. Onsewa anali atadandaula kale, aliyense payekha, ndipo aliyense anayankhidwa mwaulemu.

Kangaude ataona kuti ulusi ukugwedezeka mbali zonse, anaitanitsa bwalo. Fisi anafunsidwa kuti thumba losafika linapezeka bwanji pamiyendo pake. Akuluakulu anati fisi akagwa m'mbuna salankhula, ndipo sanalankhuledi. Anangoyang'ana jekete lake.

Chigamulo chinali chotere. Fisi wachotsedwa pamsika ndipo dzina lake lalembedwa m'buku la abodza. Mayi Fulu alandira ndalama za matumba awiri, kuchotsapo ya ulusi, ya bwalo, ndi ya kusunga ndalamazo miyezi iwiri. Nkhuku, Bakha ndi Gologolo milandu yawo inapitirira masiku, ayesenso ulendo wina. Ndipo popeza msika uno umalemekeza chilungamo, mpikisano uja uyenera kutha monga unalengezedwera. Wa matumba ambiri ndi mawu okoma anali Fisi. Mayi Fulu amutumizire makilogalamu 50.

Nyama zinang'ung'udza. Kalulu analumpha kufuna kutsutsa. Mayi Fulu anamugwira mwendo, nagwada, nawomba m'manja. "Bwana mwaweruza bwino. Nditumiza mawa."

Mawa lake anauza Kangaude kuti thumba lapita. Fisi anapita yekha pa Wenela m'mamawa. Anadikira basi yoyamba, yachiwiri, yamadzulo. Udzudzu unamudya, ulendo uno zenizeni. Anabweranso tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Nyani ankangotambasula manja. Tsiku lachinayi anabwereka foni ya mkazi wake nalembera Kangaude, misozi ili m'maso, kuti katundu sanafike.

Yankho linabwera msanga, laulemu kwambiri. "Zikomo Bambo potidziwitsa. Buku lathu likuonetsa kuti mawu amenewa munawanenapo kale. Tumizani chithunzi cha thumba limene silinafikelo."

Ngati thumbalo linakweradi basi, ine sindinaliko. Ndimangodziwa kuti sabata imeneyo ku Kawale kunanunkhira Kilombero masiku asanu ndi awiri, ndipo Nkhuku, Bakha, Gologolo ndi Nankafumbwe ankatuluka kwa Mayi Fulu akutokosa m'mano.

Mwezi wotsatira Kangaude analengeza nkhani yabwino. Atamva kulira kwa ogulitsa, ati, wakhazikitsa Chitetezo cha Wogulitsa. Wofuna kuti dandaulo lake liziwerengedwa ndi maso, osangoyankhidwa mwaulemu, aziwonjezera K3 pa K5 ija. Ogulitsa onse analipira, ena mpaka anathokoza. Kangaude ananenepa moti ulusi wa pakati anachita kuuluka kawiri.

Za Fisi, paja kuyambira 2018 nambala ya foni imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndiye aliyense anati wathera pomwepo. Koma agogo ake a Fisi, amene anamwalira chaka chatha, anasiya chiphaso chawo m'chikwama. Dzulo Mayi Fulu walandira uthenga wochokera ku Chilomoni, kwa kasitomala watsopano dzina lake Gogo Nkhosa. Akuti ndi wopemphera, ndipo akufuna makilogalamu 25.

Kaphuleni mbatata, ingapserere.