Mmene mungawonongere kafukufuku wanu ndi etomoxir

Khansa zambiri zimakonda shuga, koma ya prostate, makamaka ikadali poyambira, imadalira kwambiri mafuta. N'chifukwa chake makina a PET ogwiritsa ntchito shuga wa FDG nthawi zambiri saiona bwino. Kuti mafuta monga palmitate alowe mu mitochondria n'kukawotchedwa, pamafunika enzyme yotchedwa CPT1, ndipo mankhwala otchedwa etomoxir amaitseka. Mu 2014, Isabel Schlaepfer ndi anzake ku University of Colorado anasonyeza kuti kutseka CPT1 kumafooketsa maselo a khansayi. Ganizoli ndi labwino, ndipo zimandiwawa kuona mmene limawonongekera mu labotale. Amene akufuna kuliwononga, njira yake nayi.

Yambani ndi mlingo. Thirani 200 µM chifukwa chakuti mwaona ena atathira chomwecho. Maselo adzasiya kuchulukana, ena adzafa, ndipo inu mudzalemba kuti afa chifukwa chosowa mphamvu yochokera ku mafuta. Komatu mu 2018 gulu la Gary Patti linayesa zimenezi pa maselo a khansa ya m'mawere. Linapeza kuti 10 µM yokha imaletsa kuwotcha mafuta pafupifupi konse, maselo n'kumachulukanabe. Pa 200 µM m'pamene kuchulukana kwawo kunachepa, chifukwa pamlingo umenewo etomoxir amagwiranso complex I, poyambira penipeni pa kupuma kwa mitochondria. Chaka chomwecho Ajit Divakaruni ndi anzake anaonetsa vuto lina. Etomoxir amayamba wamangika ku coenzyme A asanagwire ntchito, choncho akachuluka amamaliza coenzyme A amene selo likanagwiritsa ntchito pa zinthu zina zambiri. Kuthira 200 µM kuli ngati kuzimitsa magetsi a mudzi wonse pofuna kudziwa ntchito ya babu limodzi. Zotsatira mudzaziona ndithu, koma sizidzayankha funso lanu.

Kenako musayeze ngati kuwotcha mafuta kwatsikadi. Ingokhulupirirani zolembedwa pabotolo. Makina a Seahorse alipo, palmitate woikidwa chizindikiro cha carbon-13 aliponso, koma zisiyeni. Mukasintha n'kutenga ranolazine kapena trimetazidine, mankhwala a mtima amene amatchulidwa kawirikawiri kuti amaletsa kuwotcha mafuta, musayezenso, ngakhale mphamvu yawo pa ntchitoyi imakayikitsa ofufuza ena.

Chakudya cha maselo musachiganizire n'komwe. RPMI 1640 ili ndi shuga wokwana 11 mM, kuwirikiza kawiri wa m'magazi a munthu wabwinobwino. Selo lokhuta shuga chotere silivutikira mafuta. Musaonjezeremo palmitate womangidwa ku BSA, musaonjezeremo carnitine, ndipo mankhwala akapanda kusintha kanthu mulembe kuti mafuta alibe ntchito. Pamene mukufuna kuchotsa androgen, gwiritsani ntchito serum yosefedwa ndi makala n'kuiwala kuti makalawo amachotsanso mafuta ena. Mukatero mwasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo palibe adzadziwe chimene chachititsa zomwe mwaonazo.

Powerenga maselo amoyo, dalirani MTT yekha. Mayeso amenewa amayendera mmene selo likugwiritsira ntchito mphamvu, chinthu chomwe mankhwala anu akusokoneza kale. Selo lofooka lidzawerengedwa ngati lakufa.

Pa kusankha maselo m'pamene ambiri amalakwa ndi mtima wabwino. Tengani PC-3 okha, poti amakula msanga ndipo savuta kusamala, kenako mulembe za khansa ya prostate yonse. PC-3 anachokera ku chotupa chofalikira ku fupa, DU145 ku ubongo, ndipo onsewa sadalira androgen receptor. Chonsecho odwala ambiri ali ndi khansa yoyendetsedwa ndi receptor ameneyu, yemwenso amalamulira kapangidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka mafuta m'selo. LNCaP ndi VCaP ali naye, ndipo 22Rv1 ali ndi mtundu wake wodukiza wotchedwa AR-V7. LNCaP amavuta, samamatira bwino pansi pa mbale, koma kuwasiya n'kusiya mbali yaikulu ya matendawa.

Musachotse jini ya CPT1A ndi siRNA kapena CRISPR. Mukadatero, n'kuthira etomoxir pa maselo opanda CPT1A, mukadadziwa zoona: akafabe, ndiye kuti mankhwalawo akupha podzera kwina. Iwalaninso kuti ma peroxisome amaphwanya mafuta ena popanda CPT1.

Pomaliza lembani kuti etomoxir ndi mankhwala amene angathandize odwala posachedwapa, osatchula kuti atayesedwa pa anthu odwala mtima, kafukufukuyo anaimitsidwa chifukwa ena anaonetsa zizindikiro zakuti chiwindi chikuvulala. Amuna amene khansa yawo yasiya kumvera mankhwala a enzalutamide amawerenga nkhani zoterezi pa intaneti, ndipo ena amapita nazo kwa dokotala kukafunsa ngati angayambe kumwa.