Ulemu kwa Nambala 9, Msenzazotsala wa M'laibulale

Nambala 1 imaimbiridwa nthungululu zotsatira za mayeso zikatuluka, 10 nayo ili ndi ulemu wake pabwalo la mpira. Koma 9 ya m'laibulale, imene yabereka mitundu ya anthu kumsana kuyambira 1876, palibe anaiuzapo zikomo. Lero ndiiyamikire ine.

Chaka chimenecho Melvil Dewey, wogwira ntchito m'laibulale ya Amherst College ku America, adatulutsa kabuku ka masamba 44 kogawa nzeru zonse m'magulu khumi, kuyambira 000 mpaka 900. Gulu lililonse adaligawanso pakhumi, n'kumapitirira choncho. Tsoka lake, Namalenga polenga dziko sadawerengere zala za m'manja. Zinthu zidachuluka, malo adachepa, ndipo 9 idadzipereka kulandira zotsala.

Taonani gulu la zilankhulo, la 400. Chingerezi chidapatsidwa 420, Chijeremani 430, Chifalansa 440, Chitaliyana 450, Chisipanishi ndi Chipwitikizi 460. Chilatini, chimene palibe mayi amatonthozera nacho mwana lero, chidatambalala pa 470, Chigiriki pa 480. Otsala nonse, bwerani ku 490. Mmenemo muli Chirasha, Chihindi, Chiarabu, Chitchaina ndi Chijapani, ndipo zambiri mwa zilankhulo pafupifupi 2,000 za mu Africa zidapanikizana pampando umodzi, 496. Ndi minibasi yotani imene kondakitala wake sananenepo kuti yadzaza? Amangoti sunthani pang'ono bwana, mwanayo mumuike pamiyendo, katunduyo pansi pa mpando. Chiswahili chidakwera msanga n'kupeza 496.392. Ife a Chichewa tili mkati momwemo mwa 496.39, pamalo a zilankhulo za Chibantu, titawonjezeredwa manambala ena kumchira.

Mchira umenewu ndiwo ulemerero wathu. Onani woyang'anira mabuku atagwira kabuku ka Chichewa, kopyapyala, komangidwa ndi mawaya awiri, kopanda msana womatapo chizindikiro. Walemba nambala yake pakapepala, wadula selotepi, wayesa chopingasa, yakana. Wayesa choimirira, yatsalabe. Mapeto ake waimata pachikuto, yaphimba theka la dzina la mlembi. Buku la galamala ya Chingerezi, lonenepa bwino, langolandira 425, basi. Ndani wolemekezeka pamenepa? Ndi uyo wa dzina lalitali, monga mafumu. Ndipo musaiwale kuti Dewey yemweyo ankadana ndi zilembo zosafunikira, mpaka adadula dzina lake Melville kukhala Melvil. Zimene adadzimana yekha adatipatsa ife mowolowa manja.

Pachipembedzo ndiye 9 idaonetsa mtima wa mayi. Kuchokera 220 mpaka 280 ndi Baibulo ndi Chikhristu. Ahindu ndi Abuda ali pa 294, Ayuda pa 296, Asilamu pa 297, ndipo zipembedzo za makolo a mu Africa zili pa 299.6, zotsala za zotsala, zolandira 9 kawiri. Mbona wa ku Khulubvi ndi Makewana wa ku Msinja ali pomwepo. Misonkhano ingati yoyanjanitsa zipembedzo yatha ndalama m'mahotela? Nambala 9 idawakhazika onsewa pashelefu imodzi popanda alawansi, ndipo sitinamvepo kuti akangana usiku.

Ili ndi ulemu winanso: sikakamiza munthu kukhala. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, lili mu 896 pamodzi ndi zolemba za m'zilankhulo zambiri za mu Africa. Jack Mapanje adalemba ndakatulo zake m'Chingerezi, choncho adatsika n'kukakhala ku 821 ndi alakatuli a ku England. Chinua Achebe ali ku 823. Nambala 9 sinadandaulepo kuti ana ake akuithawa.

Alipo osayamika amene amati zonsezi n'zoonera dziko pawindo la koleji imodzi ya ku Massachusetts. Iwowa afunse za Dorothy Porter wa ku Howard University, yemwe adapeza kuti malaibulale ankaunjika mabuku a anthu akuda pa 325, za atsamunda, kapena pa 326, za ukapolo, ngakhale bukulo likhale la ndakatulo. Mayiyu adakana, n'kuwasanja mwanjira ina. Poyerekeza ndi manambala amenewo, 9 yathu ndi yaulemu: imangotitcha "ena", sititchula zambiri.

Bungwe la OCLC, lomwe lasunga dongosolo la Deweyli kuyambira 1988, lakhala likukonza apa ndi apo, koma 490 ndi 890 zikadali zodzaza. Choncho inu ogula mashelefu a m'malaibulale, musamayambe ndi ya Chilatini. Ya matabwa olimba muziipereka kwa 9, chifukwa ikathyoka imeneyo, anthu oposa theka la dziko lapansi agwa nayo.