Ng'oma yolira, besi yofatsa

Ng'oma yolira sichedwa kung'ambika, ndipo umboni wake unatuluka mwezi wathawu m'chipinda chosungira katundu pa tchalitchi china ku Mangochi. Achinyamata akusesa anapeza zida za bandi ya m'ma 1980, nthawi ija kwaya iliyonse inkalota zofanana ndi Alleluya Band ya ku Balaka. Gitala ya lidi inali yothyoka khosi. Ng'oma zonse zinali zong'ambika. Yotsala ndi moyo inali besi yokha, yopangidwa ku Japan, imene mkulu wina anabwera nayo kuchokera ku Joni.

Ine sindinadabwe. Besi amaivutitsa ndani? Wa lidi amakoka nsambo mpaka kuidula, amayi nthungululu zili pakamwa. Wa besi amangoima pambali pa sipika, nkhope ngati akudikira minibasi ya ku Monkey Bay. Ngakhale mkazi wake sadziwa kuti m'nyimbo muja analimo.

Tsono mnyamata wina wa kwaya ya patchalitchipo analumbira kuti aiukitsa besiyo. Chinyezi cha kunyanja chinali chitadyetsa dzimbiri kachitsulo kalikonse, ndipo atatsegula kumene kumakhala mawaya anapeza mphemvu zitamanga mudzi. Khosi nalo linali litapindika. M'kati mwa khosilo mumakhala ndodo yachitsulo imene umamanga pang'onopang'ono, lero kachigawo, mawa kachigawo, kuti thabwa lizolowere. Iye anafuna kumaliza nsima isanapse. Mmisiri wokonza mawailesi pamsika anachita kumulanda sipanala: "Achimwene, chitsulochi chagona zaka 40, musachidzutse ndi mbama."

Mawaya anawotcherera bwinobwino. Nkhani inavuta pa nsambo. Zinayi zokha, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake ukaumva umayamba wakhala pansi. Wina anati angosolola waya m'tayala, monga achitira a babatoni. Wina anati nsambo zakale ukaziwiritsa litsiro limachoka, mawu n'kubwerera, zomwe n'zoona ndithu. Mayi a mnyamatayo anazipeza zikubwata mumphika wawo wa chambo, ndipo zimene anayankhula sizilembeka m'magazini.

Tisekeko, koma tsiku limene besiyo inalira koyamba, gogo wina amene ankavina bandi ija anaimirira osadziwa kuti waimirira. Chiyambireni Leo Fender kugulitsa besi yamagetsi mu 1951, ntchito yake ndi yomweyo: makutu amatsatira woimba, chiuno chimatsatira besi. Kaizimitseni paukwati muone anthu akubwerera pamipando, aliyense osadziwa chamukhalitsa pansi.

Vuto n'lakuti mnyamata uja waonera YouTube. Waipaka penti yofiira, akuimenya ndi chala chachikulu mpaka mawindo kunjenjemera, ndipo akuti Lamlungu amupatse mpata aimbe yekha kwaya ili chete. Loweruka poyeserera nsambo ya G inaduka. Walembera msuweni wake wa ku Joni pa WhatsApp kuti atumize zina. Msuweniyo uthenga wauwerenga, koma sanayankhe.