Safunsa anadya phula, nanga wofunsa anadya chiyani?

Makolo akale ankamuseka kwambiri Safunsa. Anamupatsa chisa cha njuchi, iye osafunsa kadyedwe kake, n'kumeza phula uchi ukumuyang'ana. Mwambiwu unalonjeza poyera kuti wofunsa ndiye adzanyambita zala. Lero kuli phunziro limene limasula anthu zaka zinayi zathunthu kuti azidziwa kufunsa, dzina lake Sociology. Ku Zomba, pa University of Malawi, achinyamata amatuluka chaka ndi chaka atavala mikanjo, akudziwa kufufuza chimene chikuthetsa mabanja, chimene chikuchotsa atsikana pasukulu, ngakhale chifukwa chimene mjigo wa bungwe ukungokhala pomwe amayi akutungabe kumtsinje. Funso limene ambiri amaiwala kufunsa asanalembetse ndi limodzi: ntchito yake ili kuti?

Amawafunsira ndi amalume, tsiku la phwando. "Mwana wa uje ndi namwino, wa uje ndi loya. Nanga iwe mphwanga, kukacha uzilowera kuti?" Mnyamata amayamba kulongosola za Durkheim ndi Max Weber, amalume akungogwedeza mutu, maso ali pa mbale ya mbalagha.

Koma amalume a ku Karonga sayenera kudabwa ndi ntchito yofunsa, chifukwa boma lawo lakhala likufunsidwa kuyambira kalekale. M'zaka za m'ma 1930, Godfrey Wilson ndi mkazi wake Monica anakhala pakati pa Anyakyusa ndi Ankhonde akulemba za maukwati, ng'ombe ndi maliro, ndipo mu 1939 Godfrey anatulutsa kabuku kofotokoza ulamuliro wa Kyungu, mfumu yaikulu ya Ankhonde. Mu 1979 ku Chilumba kunayamba kafukufuku wa khate woyenda khomo ndi khomo, amene pambuyo pake anadziwika kuti Karonga Prevention Study. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 analowa m'kafukufuku wa katemera, ndipo dziko lonse linaphunzira kuchokera ku Karonga kuti katemera wa BCG amateteza ku khate kuposa mmene amatetezera ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Kuyambira 2002, midzi yozungulira Chilumba ili pa kalembera wosatha: mwana akabadwa, munthu akamwalira, banja likasamuka, zimalowa m'kaundula. Ntchitoyi ikupitirira pansi pa bungwe la MEIRU, ndipo simayenda ndi madokotala okha. Imafuna ofunsa, owayang'anira, ndi anthu otha kukhala pamphasa n'kumvetsa chifukwa chimene wodwala wasiyira mankhwala.

Chovuta n'chakuti ofunsidwa nawonso anaphunzira, ndipo anaphunzira popanda fizi. Mabungwe a mitundumitundu atadutsa m'mudzi umodzimodzi zaka zonsezi, mafunso analowa m'mutu. Mtsikana wa digiri amatsika pa kabaza, dzuwa la Karonga litamuwamba, tabuleti ili m'manja. Asanamalize n'komwe kupempha chilolezo, agogo pansi pa mtengo wa mango ayamba kale: "Lembani mwanawe. Tilipo asanu ndi awiri, denga ndi la malata, chimbudzi chili kuseri, usiku tinagona m'neti." Pofika pa funso la ng'ombe, agogo amatsokomola kaye. "Paja mwati mwachokera bungwe liti?" Likakhala la katemera wa ziweto, ng'ombe zilipo zisanu ndi zitatu kudzanso thole. Likakhala logawa chimanga, zonse zili m'kholamo ndi za achimwene awo a ku Chitipa, anangowasungiza.

Agogo amenewa phula sadzalidya. Ndipo wa digiri amene amabwera ndi Chingerezi ndi Chichewa chokha, osatha Chinkhonde kapena Chitumbuka, amabwerera ndi ng'ombe za achimwene zokhazokha.

Tsono uchi umapita kuti? Apa ndi pamene mwambi uja umatsimphina. Woyenda m'midzi nthawi zambiri amalembedwa kwa masabata ochepa, n'kulandira alawansi imene imathera pa kabaza, madzi ozizira ndi chipinda chogona. Mayankho amakwera intaneti kupita ku Lilongwe, kumene wina wa digiri yachiwiri amawasandutsa lipoti, lipotilo n'kukawerengedwa ku hotela ya kunyanja pakati pa tiyi wa 10 koloko ndi nkhomaliro. Wofunsa uja dzina lake silioneka ngakhale pa tsamba lothokoza. Njira yochoka padzuwa kupita pamthunzi ilipo ndithu: kuphunzira kusanthula manambala pa kompyuta, kulemba lipoti lomveka, ndi kuwonjezera sukulu. Komabe mthunziwo unachepa mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lodzera ku USAID, mabungwe ambiri n'kuchepetsa antchito.

Kumene Safunsa akadali moyo, atavala chisoti cholimba ndi nsapato zachitsulo, ndi ku migodi. Mgodi wa uranium wa Kayelekera unatsegulidwa ndi Paladin mu 2009, unaima mu 2014 mitengo itagwa, unagulidwa ndi Lotus Resources mu 2020, ndipo unayambanso mu 2025. Mu 2016 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la migodi ya m'boma la Karonga, kuphatikizapo wa malasha wa ku Mwabulambo, lonena za mabanja amene anasamutsidwa popanda kuuzidwa bwino ndi anthu amene sankadziwa ngati madzi awo ali abwino kumwa. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe kaye mmene zikhudzire anthu, osati mitengo ndi mitsinje yokha. Injiniya amadziwa kuya kwa mwala, koma sadziwa kuti kachitsamba akufuna kugumula ndi manda, kuti mtengo wa mango uli ndi eni atatu, kapena kuti akalonjera nyakwawa yolakwika poyamba msonkhano watha usanayambe. Ntchito yodziwa zimenezo ndi ya ana a Sociology, ndipo kampani yochenjera imawalemba zinthu zisanavute.

Boma nalo lili ndi mipando, ngakhale siituluka kawirikawiri. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu imasamala ana ozunzidwa, okalamba onamiziridwa ufiti, ndi ndondomeko ya Mtukula Pakhomo imene inayambira ku Mchinji mu 2006. Zivomerezi za mu Disembala 2009 ndi kusefukira kwa North Rukuru zinaonetsa kuti kugawa malata ndi matenti mwachilungamo kumafuna munthu wodziwa kusiyanitsa banja ndi khomo. Ena amalowa m'kalasi kuphunzitsa Social Studies.

Otsalawo alowera ku Songwe. Amawoloka malire kupita ku Kyela kukapikula zitenje, pobwerera n'kukweza matumba a mpunga wa Kilombero wa ku Hara ndi Wovwe kupita nawo ku Mzuzu ndi Lilongwe. Anzawo a malonda amadabwa kuti amacheza kwambiri ndi makasitomala: mumaphikira anthu angati, malipiro amalowa liti, ukwati wa mwana wanu uli mwezi uti. Pofika Disembala amakhala akudziwa mpingo umene ukusoka yunifomu ndi khomo limene likuyembekezera alendo a ku Joni, ndipo ngongole za mpunga amazilemba m'magulu atatu: olipira okha, olipira akakumbutsidwa, ndi achibale.