Madzi a ku Tokyo, Nkhono za ku Seoul

Pabanja lina pali ana aakazi awiri amene sakumwerana madzi chifukwa cha zodzola. Wamkulu anakaphunzira ku Tokyo, wamng'ono anakagwirako ntchito ku Seoul, ndipo aliyense anabwerako ndi mpingo wake m'sutikesi.

Wamkulu amalumbirira Matsumoto Kiyoshi, masitolo a mankhwala a chikwangwani chachikasu aja. Kumeneko anagula Hada Labo wa kampani ya Rohto ya ku Osaka. Bambo ake anakhutchumula botolo, n'kudontheza pachikhatho, n'kununkhiza. Fungo palibe, mtundu palibe.

"Mwanawe, ndege yonse ija wakatitengera madzi?"

"Adadi, muli hyaluronic acid. Amasunga chinyezi pakhungu."

"Nanga a pamjigo wathuwa unawayesa?"

Wamng'ono anaseka mpaka misozi, n'kutulutsa zake za ku Olive Young ya ku Myeongdong. Pabotolo la COSRX panalembedwa 96. Agogo anafunsa ngati umenewo ndi mtengo wake. Atauzidwa kuti magawo 96 pa 100 a zam'katimo ndi mamina a nkhono, anangoti zii. M'mawa mwake anamveka kudimba akukalipira mnyamata waganyu: "Iwe, usazitaye kutchire! Ndi ziweto zimenezo."

Zodzola za ku Korea zimakonda kubwera zitavala gawuni loyera la kuchipatala: Dr.Jart+, Dr.G, CNP Laboratory. Sikuti zonse n'zongodzitcha, poti Dr.G anayambitsadi ndi dokotala wa khungu, ndipo Aestura anayamba kugulitsidwa m'zipatala asanafike m'masitolo. Amayi anawerenga mabotolowo limodzilimodzi, n'kupumira m'mwamba: "Madokotala onsewa akugona m'bafa mwanga, koma bondoli palibe walifunsa."

Za Rejuran wamng'onoyo akanangosunga mumtima. Anaulula kuti ku Gangnam anthu amalipira ndalama zankhaninkhani kuti awabaye kumaso timajekeseni ta mankhwala opangidwa ndi DNA ya nsomba ya salmon. Malume anasiya mbamu ili m'malere.

"Ndiye akachotsa DNA-yo, nsombayo amapatsa ndani?"

Ine ndikadakhala woweruza, ndikadakondera Japan, osati chifukwa cha khungu koma thumba. Botolo la Hada Labo likatha sutaya. Umagula wa m'kathumba wotsikirapo mtengo n'kuthiramo. Anthu ochita zotere ndi abale athu, angosiyana nafe dziko.

Koma mlandu unagamulidwa Lamulungu. Wamkulu anasamba kumaso ndi thovu la Senka, n'kupaka madzi ake aja, n'kumaliza ndi Bioré UV woteteza kudzuwa. Mphindi zisanu, ali kale m'galimoto. Wamng'ono anali atangoyamba masitepe khumi otchuka a ku Korea: mafuta ochotsera litsiro, kenako sopo, kenako izi, kenako izo, chilichonse n'kuchidikira chilowe kaye m'khungu. Bambo analiza hutala.

"Uli pati kodi?"

"Sitepe yachisanu ndi chimodzi, adadi!"

"Yotsika kapena yokwera?"

Amayi anayimba nyimbo zonse zoyambira mapemphero ali m'galimoto momwemo. Wamkulu anafufuma ndi mkwiyo. Banja lonse linalowa m'tchalitchi mbale ya chopereka itangodutsa kumene.

Kuyambira tsiku limenelo bambo ali mbali ya Korea, ndipo akufunsafunsa ngati ilipo ya masitepe khumi ndi awiri.